Chithunzi M'bokosi la Maunyolo

Okondedwa achimwene Edmund,

Muli bwanji ku Zombako, inu ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno ku Nkhotakota matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Kalatayi ndapatsira pamanja Rahila, amene akubwera kwanuko, ku positi ndaopa. Mukawerenga muiotche.

Mukuidziwa nyumba yakale ya miyala ija, yosungiramo ng'oma, nkhafi ndi maunyolo a nthawi ya ukapolo. A ku yunivesite kumene mukugwirako ntchito akuikonza kuti ikhale yophunziriramo aphunzitsi. Alamu anu a Gresham ndiwo anapatsidwa ntchito ya matabwa ndi yopaka laimu. Tinakondwa, osadziwa.

Mphunzitsi wamkulu wochokera kwanuko analamula kuti chilichonse cha pakhoma chilowe m'mabokosi asanayambe kupaka. Alamu anu mukuwadziwa, kusamala kwawo kopitirira muyeso! Anatsitsa chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko, n'kuchikulunga m'nsalu yanga yatsopano, n'kuchiika m'bokosi lokhalo lomwe linali ndi chivindikiro. M'bokosimo ndimo munali maunyolo aja.

Lachiwiri kunafika anyamata a chipani, n'kufunsa kumene kwapita chithunzi. Atatsegula bokosi, mmodzi anakuwa kuti a Gresham amanga Mtsogoleri unyolo. Iwo anayesa kufotokoza kuti amaopa kuti chingade, koma ndani akanawamvera? Anawakweza galimoto manja ali mbuu ndi laimu. Mpaka lero sindikudziwa kumene ali.

Maliko, amene ankagwira nawo ntchito, akuti sanaone kanthu. Sindikumuda ayi, nayenso ali ndi ana.

Achimwene, ndagwira mwendo wanu. Kapezeni mphunzitsi uja, anene ndi pakamwa pake kuti lamulo la mabokosi linali lake. Ndikudziwa kuti ndikukuikani pamoto, koma ndilibe wina wolirira.

Nyumbayo aitsegula Loweruka likubwerali, ndipo amayi tonse atiuza kuti tikavine. Amayi apampando a chipani anafika mpaka pakhomo panga kudzandiuza kuti akaona ngati ndikumwetulira. Ndikavina, achimwene, patsogolo penipeni. Ndikamwetulira mpaka masaya kupweteka, mwina wina n'kukanena komwe awasungako kuti mkazi wa a Gresham ndi wokhulupirika.

Mundiperekere moni kwa alamu a Rebeka, koma musawauze zambiri. Ambuye akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Phoebe