Akodiyoni Yanu ndi Kompresa Yanga

Okondedwa amalume a Lighton,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete. Kuno ku Kafue tadzuka, ndipo mkazi wanga Ireen akupereka moni.

Mwezi watha ndinakagula kompresa yopopera matayala a njinga ndi kupentera timipando timene ndimakhoma Loweruka. Wogulitsa anandionetsa ziwiri. Ireen anati, "Tengani kakang'onoka, ntchito zanu n'zapakhomo." Ine ndinaumirira yaikulu ya thanki, kuti komboni yathu yonse ya Nangongwe izimva kulira kwake.

Mwalemba kuti nditumize akodiyoni, ija yoimbira ya mvukuto ndi mabatani, imene munandisungitsa mutapuma ntchito ya njanji, mukaimbe pa ukwati wa Thokozile. Nditaitsitsa pakabati inali fumbi lokhalokha, ndiye ndinati ndiiyeretse musanaione. Kansalu kanali pomwepo, amalume, koma ine ndinalumikiza paipi ya kompresa ija n'kutsegula mphepo yonse.

Mabatani ndawatola onse kupatula awiri. Za mvukuto wake tidzakamba pamaso.

Dzulo ndinayesa nyimbo imene munkaimbira malemu amayi anga. Ikupumabe, amalume, koma mawu palibe.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Shadreck