Mwezi wa Idi m'chipaipi cha Hammou

25 Ramazani

Mphepo ya fumbi, tsiku lachitatu. Kumwamba kofiira ngati mkati mwa uvuni wa buledi. Mwana wanga Bassou wafika kuchokera kumzinda wa Meknes ndi mkazi wake Kenza, onse awiri ulemu wonyanya. Ndinadziwiratu kuti abwera ndi nkhani.

Nkhani yake: ikatha Idi anditenge. Ndikakhale m'nyumba yawo yosanja, zenera loyang'ana khoma la eni ake. Akuti maso anga atha. Umboni wake? Ndinapatsa moni bulu wa Rqia, mnzanga woyandikana naye nyumba, ndikuyesa Rqia mwini wake. Ndamuuza kuti aliyense wowadziwa awiriwo sangandiimbe mlandu.

26 Ramazani

Ndatulutsa chipaipi cha mwamuna wanga, malemu Hammou, kuseri kwa nyumba pafupi ndi mkuyu. Iye ankati telesikopu. Zaka makumi atatu ndikumugwirira miyendo itatu ya chipaipicho, iye akusaka mwezi watsopano, ine ndikulalata kuti supu ikuzizira. M'kulalatamo ndinaphunzira zonse.

Ndamuuza Bassou: pa 29 dzuwa likalowa, ndikaupeza mwezi ndekha m'chipaipimu, iwenso n'kuuona ndi diso lako, nditsala muno. Ndikalephera ndikwera galimoto yako osayankhula kanthu. Anaseka. "Amayi, kusayankhulako ndiye sindikukhulupirira." Koma wavomera, wandigwira dzanja pamaso pa mkazi wake.

Nanga kukakhala mitambo? Akuti mitambo ili mbali yake. Mwana wobereka ndekha ameneyu.

27 Ramazani

Fumbi lomwe lija. Phiri lakumadzulo silikuoneka n'komwe.

Ndapeza Kenza ali ndi nsanza yopukutira mbale, akufuna kupukuta galasi la m'kati mwa chipaipi. Ndakuwa mpaka nkhuku zabalalika. Galasi lafumbi amangolipemerera, ukalipukuta mchenga umalikanda. "Ndimafuna kuthandiza, amayi." Ndikudziwa. Onse akufuna kuthandiza. Mwana wabwino, manja okha ofulumira.

Ndayesa diso lakumanja m'chipaipimo, pansonga ya mzikiti wa kutsidya. Yozondoka monga mwa nthawi zonse, adokowe awiri pachisa, ndawawerenga. Lakumanzere ndiye utsi wokhawokha. Izi ndi za muno mokha. Bassou sawerenga zolemba zanga, akuti zili ngati mopalasa nkhuku.

28 Ramazani

Mitambo yakuda bii. Rqia pamwamba pa khoma: "Longedza, Tuda, mkuyuwo ndizikusamalirira." Akufuna nkhuyu, mfiti yachabechabe.

Ndaphika, ndaswali. Mantha ndithu.

29 Ramazani

Ndilembe zisanazizire.

Masana mvula, ya matalala. Bassou likhweru m'nyumba monse ngati mkwati. Dzuwa litapendeka mvula inakata. Fumbi lonse latsukidwa, koma chimtambo chili phee kumadzulo, mlendo wosadziwa kutsanzika.

Ndinaimika chipaipi dzuwa lisanalowe, chovindikira chili pomwepo, dzuwa saliyang'anira m'menemo. Litalowa pampata wa phiri ndinayeza ndi mkono wotambasula: chibakera chimodzi m'mwamba, zala zitatu kumanzere.

Azana, kuitana kwa kumzikiti, inamveka. Onse liwiro kukafuturu, kukadya atasala tsiku lonse. Bassou, Kenza, Rqia ndi banja lake amene anadzaza padenga pawo, onse zii. Chaka chilichonse n'chimodzimodzi. Amasaka mwezi mpaka mbale zitawaitana, pobwerera atakhuta mwezi walowa kale, n'kumati kunali mitambo. Ine kachipatso ka tende kamodzi m'kamwa, madzi pang'ono, diso pagalasi.

Mtambo unang'ambika cham'munsi. Kampata kakang'ono. Poyamba palibe kanthu. Ndinakankha pang'ono, n'kulakwitsa mbali, pajatu m'menemo zonse n'zozondoka. Kubweza. Kudikira. Uwo. Kowonda ngati imvi imodzi yopindika, nyanga zoloza pansi.

Ndinaitana Bassou ndi mawu omwe ndinkamuitanira akaba shuga. Anatuluka mbale ya supu ya harira m'manja, supuni m'kamwa. Anawerama nthawi yaitali. "Ndauona, amayi." Kamawu kakang'ono. Ndinati bwereza, mkazi wako sanamve. Wabwereza. Kenza nayenso wauona, mtambo n'kutseka.

Nthungululu ndaimba ndekha, Rqia watulukira supu ili pachibwano kufunsa kuti wabadwa ndani. Wailesi yalengeza Idi patapita ola lathunthu. Adziwa mochedwa, akuluakuluwo.

Supu yanga inali itagwira mafuta pamwamba. Ndamaliza mbale ziwiri.

2 Shawali, mawa lake la Idi

Bassou ndi Kenza apita m'mawa. Chisutikesi chomwe anabisa m'galimoto kuti alongedzemo zanga chabwerera chodzaza anyezi ndi nkhuyu zouma. Bassou wandipsompsona pamutu kawiri. "Koma diso lotsalalo tikalionetse kwa dokotala, amayi." Ndiye kuti za lakumanzere amazidziwa. Ndati tiona, bola tikiti ikhale yopita ndi kubwera.

Nyumba zii. Pochokera kotsekera nkhuku ndaphonya sitepe, bondo latupa. Palibe waona. Mawa ndipaka laimu m'mphepete mwa masitepe onse, wofunsa ndimuuza kuti ndi zokongoletsa.

Kumadzulo kwayera mbee, popanda ndi kamtambo komwe. Lero ndiye aliyense auona, ngakhale bulu. Komabe nditulutse chipaipi kusanade. Pabwalo ndi panga.