Tadala Wasiya Kudya

Amayi, kaya kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno kutsidya kwa nyanja ku Smethwick kwayamba kuzizira, dzuwa likungosuzumira n'kuthawa. Kumudzi mng'ono wanga Esinati anachira, ndi mwana wamwamuna, akuti mphuno ndi yanu yomwe ija. Achimwene anakolola bwino, koma anankafumbwe akuwasowetsa mtendere. Ine ndikadali pa wodi ya okalamba ku Edgbaston, mawondo ndiye ayamba kudandaula.

Izi ndangoyambira chabe. Nkhani ndi ya mdzukulu wanu Tadala, amene munamusiya akuphunzira kupalasa njinga. Pano ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo anatha msinkhu mu Epulo. Sanandiuze, ndinangozindikira pochapa. Ndinachita monga munachitira inu: ndinatseka pakamwa, poti zotere sanena ndi mayi wobereka. Inu munanditumiza kwa azakhali. Kuno azakhali kulibe, ndiye ndinauza amayi achilangizo akutchalitchi.

Anabwera atatu Loweruka masana atanyamula chitenje chatsopano, mmodzi wa iwo, Mayi Banda, nthungululu ili pakamwa. Tadala atamva chimene abwerera, anakadzitsekera m'bafa. Amayiwo anagogoda, ananyengerera, mpaka tiyi anazizira. Atapita, Tadala anatuluka maso ali psuu, n'kundiuza m'Chingerezi chakecho kuti, "Mami, mwaitana anthu kudzasangalalira chinthu chimene ndinkapemphera kuti chisabwere. Ine sindine mtsikana."

Amayi, ndinaseka. Anali mantha, koma ndinaseka ndithu, mwana akundiyang'ana. Munkanena inu kuti, "Iwe Kirisi, pakamwa pako pamafika mutu usananyamuke." Sindinasinthe.

Tadala akuti wakhala akudzimva chonchi kuyambira kale, ndipo akufuna mankhwala oimitsa thupi kuti lisapitirire kukula ngati la mkazi. Kuno nkhani imeneyi anthu amakanganira pawailesi, m'mabasi, paliponse. Boma linaletsa kupatsa ana mankhwalawo, ati sizikudziwika bwino zimene amachita m'thupi pakapita zaka. Kuntchito mnzanga wina amati kuletsako n'kupha ana, wina amati n'kuwapulumutsa, ndipo onse amalankhula mtima uli m'malo chifukwa mwanayo si wawo. Ine namwino wamkulumkulu ndimangotafuna buledi wanga. Mankhwalawo ndimawaopa, sindikubisirani. Dokotala anatilemba pamndandanda wokaonana ndi akatswiri, koma anachita kutiuziratu kuti mzere wake ndi wautali zedi.

Ndiye Tadala wapeza mankhwala akeake. Anawerenga kuti munthu akawonda kwambiri kumwezi kumasiya, basi wasiya kudya. Chakudya chakusukulu chimabwerera momwe chinapitira. Yunifolomu ikungolendewera ngati yobwereka. Ine ndimayeza okalamba pasikelo tsiku ndi tsiku, ndikudziwa tanthauzo la dzanja lowonda choncho, ndipo ndili ndi mantha.

Bambo ake akuti zonsezi ndi foni ndi sukulu zakuno. Anaimbira mlongo wawo ku Dedza, anapezeratu malo kusukulu yogonera konko. Mwana amuuza kuti pa Khirisimasi tikupita tonse kukaona chiliza chanu, koma sanamuuze kuti pobwera tidzabwera awiri. Ndinavomera, Amayi. Ndinati mwina mphepo yakwathu ikamuwongola, komanso ndinatopa ndi maso a amayi akutchalitchi.

Dzulo ndikupita kuntchito Tadala anandiperekeza pokwerera basi pa Cape Hill, chinthu chimene sanachitepo chichitikire za m'bafa zija. Anandifunsa ngati kumanda amalola munthu kutsala yekha pang'ono. Ndinati chifukwa chiyani? Anayesa Chichewa chake chothyokathyoka chija, akuti, "Ndikufuna ndikauze agogo. Agogo sankandiseka."

Basi inabwera, sindinakwere. Ndinabwerera kunyumba, ndinatenga pasipoti yake m'kabati, ndipo pano ili m'kabati yanga yokiya kuntchito, pansi pa nsapato. Chikwatiwireni sindinawabisirepo kanthu bambo ake, ndipo akadziwa nyumba ino iyaka moto. Kaya mukanati ndalakwa, sindikudziwa. Sindikudziwanso ngati ndili ndi mwana wamkazi kapena wamwamuna, kapena ngati zidzasintha akadzakula. Koma mwana wosadya sindingakamusiye kutali pomunamiza ndi dzina lanu.

Chiliza chanu tichedwa kudzachiona, mutikhululukire. Ndikukulonjezani kuti tsiku limene adzabwere kudzakuuzani zakezo, adzabwera wamoyo, ndipo tikiti yake idzakhala yobwerera.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani zedi,

Mwana wanu,
Kirisi