Dzina Langa Analifufuta, Amayi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine Esinati ndili bwino, koma thupi lokha. Kuno mwera wavuta chaka chino, usipa ukusowa, mathandala anu oyanikapo nsomba aja angokhala opanda kanthu. Mkazi wa achimwene anga, a Dalitso, anachira mu Juni, mwana wamkazi. Tam'patsa dzina lanu, ndipo akayamba kulira ndi inu ndithu, sasiya mpaka amveke. Chimanga tinakolola chotifikitsa mu Disembala. Chiswe chadya mzati wa khonde, tachirikiza ndi mtengo wa bulugamu.

Mukukumbukira kuchipatala kuja, mutagwira dzanja la achimwene anu, amalume a Gidiyoni, n'kuwauza kuti mwana wangayu asathere pa nsomba? Anavomera ine ndili pomwepo. Zaka zinayi ndakhala pa shopu yawo yokonza makompyuta pa boma. Ndinayamba ndi kupukuta fumbi. Lero ndimasintha sikirini, ndimawotcherera mawaya, ndipo makasitomala akafika amafunsa za ine.

Koma luso lopanda pepala silikufikitsa patali. Koleji ina ku Lilongwe inalengeza kuti ikutenga anthu ophunzirira ntchito pamanja, aphunzire chaka chimodzi n'kulemba mayeso a satifiketi. Ankafuna kalata ya mwini shopu, ndipo shopu iliyonse munthu mmodzi. Amalume anati alemba, atumizanso okha. Ine n'kumadikira ngati chitsiru.

Sabata yatha laputopu yawo inazima, anandipatsa kuti ndipulumutse mafayilo. Poona ngati onse atuluka bwino, ndinaipeza kalata ija. Ntchito zonse zolembedwamo ndi zanga, Amayi: makompyuta a kusekondale amene ndinawadzutsa, laputopu ya pa loji ku Senga Bay yomwe inagwera m'madzi. Koma dzina ndi la Yohane, mwana wawo, yemwe ngakhale kumasula sikuluwu sadziwa. M'mafayilo otayidwa ndinapezamo kalata yoyamba, ili ndi dzina langa. Ndiye kuti analemba kaye zoona, anakhala pansi n'kuganiza, kenako anandifufuta.

Nditawafunsa sanandiyang'ane kumaso. Anati ine luso ndili nalo kale, Yohane alibe pogwira, ndipo satifiketi ya mwana wamkazi imakathera kunyumba ya mwamuna. Yohane ananyamuka Lolemba, chikwama chatsopano kumsana.

Munkakonda kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Mundikhululukire, koma fupa ili lanunkha. Munkatinso mwana wa mnzako ngwako yemwe. Nanga ine, mwana wa mlongo wawo weniweni, ndine wa yani? Zandipweteka, Amayi. Akanandimana poyera ndikanalira tsiku limodzi n'kuiwala, koma anditenga manja anga n'kumuveka wina.

Laputopu ndinaikonza bwinobwino, kalata ya Yohane sindinaikhudze. Ndinangobwezeretsa yanga ija n'kuiika pamalo poti akayatsa aziyamba kuona iyo. Makiyi a shopu ndinasiya patebulo, ndinatenga sikuludiraiva yokha ija munandigulira mutagulitsa dengu la usipa.

Panopa ndikukonzera makompyuta pakhonde panu pano. Ahedi a kusekondale kuja akuti chaka chamawa adzandilembera kalata, poti anaona okha amene anagwira ntchitoyo. Sindikudziwa ngati koleji idzailandire, koma ndidzayesa mpaka atope nane.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani. Ndikulonjeza kuti satifiketiyo ndidzabwera nayo pamanda panu, ndidzagwade, ndikuwerengereni dzina lolembedwapo.

Ndine mwana wanu,
Esinati