Madzi a Pakhomo la Shedi

Magaleta, Neno

Okondedwa achimwene a Elijah,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Mzuzuko, inu, alamu anga a Christabel ndi ana onse. Kodi chifuwa chimene chinkakuvutani nthawi yozizira chija chinakusiyani? Kuno amayi ali bwino, kupatula mawondo. Mvula yagwa ndipo chimanga chamera. Za anthu ndinena pang'onopang'ono.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Foni ya m'nyumba muno amaisunga ndi mwana wanga Bernard, ndipo nkhaniyi ndi ya iyeyo. Kalatayi ndapatsira Maness wa a Fortunate, amene akubwera kwanuko. Ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu, osati kwa mwana.

Alamu anu a Gerishon ali m'chipatala ku Blantyre. Anawamenya pa Shedi. Kuti mumvetse bwino, ndiyambire kutali, chifukwa inu munachoka kuno Shedi isanasanduke chimene ili lero.

Mukuikumbukira nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambiki, pamene inamangidwa kuti azisungiramo chimanga. Inali ndi khomo lalikulu lolowera malole ndi kakhomo kena kam'mbali ka alonda. A Gerishon anayamba ntchito yosesamo ali mnyamata. Fumbi la chimanga linkawatsokomoletsa, ndiye anazolowera kuwaza madzi pakhomo ndi keni yothirira mbewu asanayambe kusesa. Madzi ake a pamjigo, basi.

Othawa nkhondo atabwerera kwawo, Shedi inakhala ya aliyense. Mpingo wina unapempheramo mpaka unagawanika pakati. Wina anaonetsamo kanema mpaka jenereta yake inapsa. Mbuzi nazo zinagonamo nyengo yake. Onsewa anabwera n'kupita, koma wosesa anali yemweyo, ndi keni yomweyo.

Kenako kunabwera koleji ija imene imadzitcha yunivesite, ngakhale ophunzira ake onse angakwane m'malole awiri. Anatseka khomo lalikulu ndi njerwa kuti mpira usamathawire kumsewu, anasiya kakhomo ka alonda kokha. Anatsira simenti yosalala, anajambula mizere, anazika zitsulo za neti ya volebo. Pamwamba analemba dzina lalitali la Chingerezi. Tsiku lotsegulira kunabwera akuluakulu a masuti, anadula riboni, ndipo anthu anapitiriza kuitcha Shedi.

Chaka choyamba timu ya koleji inagonjetsa alendo onse amene anabwera. Chifukwa chake sichinali chobisika. Simenti ija imaterera, ndipo ana athu ankadziwa poterera pamene alendo sankadziwa. Koma munthu akagonja safuna kumva za simenti. Wina anakumbukira kuti anaona mkulu wina akuwaza madzi pakhomo, ndipo mbiri inafika kwawo ku Matandani isanafike lole ya osewera ogonjawo. Ankati ukaponda madzi a Gerishon, miyendo imalemera ngati yamangiriridwa matumba a mchenga.

Mukudziwa mmene matimu a kuno amachitira. Akaopa mankhwala pachipata cha bwalo la mpira, amalumpha mpanda. Koma Shedi ilibe mpanda. Ili ndi khomo limodzi, ndipo aliyense ayenera kudutsa pa madziwo.

Ophunzira anaikonda nkhaniyi. Anapeka nyimbo yake, n'kumaimba alendo akamatsika. Alamu anu nawo, munthu amene moyo wake wonse anthu ankamudutsa ngati tsache, anayamba kupatsidwa moni ndi aphunzitsi. Sananame ndi pakamwa, zimenezo ndiwaikire umboni. Anangoyamba kuwaza pang'onopang'ono, milomo ikugwedera ngati akulankhula ndi wina. Ndinawafunsa kunyumba kuti amanena chiyani. Anati amawerenga mayina a mbuzi zathu.

Ndinawauza kuti njoka ya pulasitiki nayo amaiphwanya mutu. Anati ndine wa nsanje.

Loweruka lapitalo kunali masewera omaliza ndi anyamata a ku Matope. Iwo anali atagonja m'Shedi kangapo, ndipo anabwera atadzaza lole, ena asodzi amene sanagwirepo mpira chibadwire. Anawapeza a Gerishon ali pakhomo ndi keni yawo. Anakana kulowa. Anazungulira kuseri n'kuyamba kukwera pawindo.

Ophunzira amene anali mkati anawakankha ndi mabenchi. Mnyamata mmodzi wa ku Matope anagwera pagalasi, ndipo mkono wake unang'ambika kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Ndinali pomwepo ndikugulitsa mandasi, ndinaona mnofu woyera magazi asanatuluke. Anzake ataona zimenezo anabwerera kukhomo.

Kaputeni wawo, chimunthu chachitali dzina lake Fackson, anawagwira a Gerishon pakolala. Sanayambe ndi kumenya ayi. Anawauza kuti ngati ndi madzi chabe, amwe pamaso pa anthu onse, nkhani ithere pomwepo, masewera ayambe.

Achimwene, keni inali m'manja mwawo. Madzi ake ndinatunga ndine m'mawa umenewo. Kumeza kamodzi kokha kukanakwanira. Koma ophunzira anali akuimba nyimbo yawo ija pamawindo, ndipo alamu anu anayang'ana uku ndi uku, n'kuyankha kuti madzi amenewo samwedwa wamba, ndipo ngati Fackson akufuna kuona ana ake akukula, achotse dzanja.

Fackson anachotsadi dzanja. Anakatenga chitsulo chokungira neti m'lole yawo.

Koyamba anawamenya m'nthiti, anagwada. Kachiwiri anawamenya pachibwano. Ndinamva kulira kwa fupa ngati nkhuni yowuma. Atagwa, ena anawaponda, ndipo wina anawakhuthulira keni yonse kumaso akukuwa kuti imwa, mfiti iwe. Mano awo ndinawatola ndekha pamalo pomwe akhala akusesa zaka zonsezi.

Ophunzira anatuluka ndi miyendo ya mabenchi, a ku Matope anagumula njerwa za maluwa a koleji. Mwana wina wamkazi wa chaka choyamba anaswedwa mutu. Msodzi wina diso lake silidzaonanso. Lole ya alendo anaiswa magalasi, ndipo dalaivala anathawa nayo anthu akulendewera m'mbali. Woimbira masewera anadzitsekera m'chimbudzi mpaka apolisi atafika, ndipo ndiye yekha anachita zanzeru tsiku limenelo.

Fackson apolisi anamutenga, anagonako, n'kutuluka pa belo. Akuluakulu a koleji anakhala pansi n'kupeza kuti cholakwa chinali mawindo, ndiye awotcherera zitsulo pawindo lililonse kuti wina asadzalowerenso pamenepo. A bungwe la masewera nawo agamula kuti, pofuna kubwezeretsa mtendere, masewera abwerezedwe Loweruka likubwerali, m'Shedi momwemo, ndi anthu omwewo.

Tsopano ndifike pa Bernard. Mukudziwa kuti akuphunzira pakolejipo ndipo ndi amene amamenya mpira pamwamba pa neti. Tsiku la ndewu anali mkati, anatuluka bambo ake atagwa kale. Sanalire. Anatola keni ija yophwanyika mbali imodzi, anaiwongola ndi mwala, n'kupita nayo kunyumba.

Anandifunsa kuti bambo ake ankaikamo chiyani. Ndinamuuza kuti madzi a pamjigo. Anati zoterezi mwamuna sauza mkazi. Mwana ameneyu anakulira m'nyimbo ija, ndipo ulemu wokhawo umene anaona bambo ake akulandira unachokera m'keni imeneyo.

Ndinapita naye kuchipatala kuti akamve yekha. A Gerishon anawamanga nsagwada ndi mawaya, amamwa phala ndi kapaipi, salankhula. Ndinawapempha kuti angogwedeza mutu, amuuze mwana kuti anali madzi chabe. Mwatsoka panali ophunzira ena amene anabwera kudzawazonda. Anawayang'ana iwowo, anayang'ana Bernard, n'kutsinzinira diso limodzi. Chibwano anaswa, koma matama sanawakhudze.

Dzulo ndikufuna nkhwangwa kuseri kwa khitchini, ndinapeza keni ija itavundikiridwa ndi chiguduli. Ndinadziwa ndisanaitsegule, chifukwa fungo linandipeza kaye. Ndi petulo, wodzaza mpaka pakamwa. Pambali pake pali tcheni ndi loko watsopano.

Ndinam'funsa Bernard mozungulira kuti Loweruka adzasewera kapena ayi. Anati sadzasewera, adzagwira ntchito ya bambo ake pakhomo. Anati Fackson ankafuna kudziwa zimene zili m'keni, ndiye adzazidziwa.

Werengani nokha, achimwene. Khomo ndi limodzi, mawindo ali ndi zitsulo, denga lili ndi matabwa akale a nthawi ya chimanga. Mkatimo simudzakhala Fackson yekha. Mudzakhala ana a eni, anzake a Bernard yemweyo, ndi amayi ogulitsa mandasi.

Petuloyo sindinamutaye. Ndikamutaya, adzagula wina kwa akabaza n'kukamubisa kumene sindikudziwa. Bola pamene ali, ndikumuona.

Mwana ameneyu ine sandimvera, amati ndine mayi ndipo amayi amaopa chilichonse. Bambo ake alibe pakamwa, ndipo pamene anali napo mwaona mmene anapagwiritsira ntchito. Mwatsala ndinu. Ndinu malume ake, mbumba ndi yanu, ndipo ndi inu nokha amene mukam'khazika pansi amavula chipewa. Inu munasenzako matumba m'Shedi muja pamodzi ndi a Gerishon. Munawaona akuwaza madzi amenewo kusanabwere koleji, neti kapena nyimbo. Akamva kwa inu, mwina akhulupirira.

Bwerani, chonde. Musatumize mawu, musaimbe foni. Kwerani basi.

Ndidikira mpaka Lachisanu dzuwa litapendeka. Mukapanda kufika, ndidzasenza keni ija pamutu mpaka kupolisi, ndipo ndidzatchula dzina la mwana amene ndinabereka ndekha. Sadzandikhululukira, ndikudziwa, koma adzadana nane ali moyo, ndipo ana a eni adzabwerera kwawo. Ndiye sankhani kumene mukufuna kudzamuonera, pakhonde panga kapena kuseri kwa waya wa kundende.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Amayi sakudziwa za keniyi, ndipo mukafika musawauze. Mulungu akusungeni panjira, ndipo basi imene mukwere isafe.

Ndine mlongo wanu,
Mailesi