Khoma Lodzaza Zidziwitso

Manchester, 9 Juni 1857

Okondedwa azakhali a Keziah,

Ndikhulupirira kuti mwendo wanu uja wapola. Ine ndili bwino, ndipo ntchito ya m'nyumba kwa Bambo Ollerenshaw, ojambula zithunzi ndi utoto aja, ikundikomera. Kalatayi ndailemba kawiri kuti isakhale ndi zofufuta.

Kuno mapepala ndi osayamba. Nyuzipepala zimabwera zitatu patsiku, ndipo abwana amazitaya pansi asanamalize, n'kumadandaula kuti, "Dziko lonse likulankhula nthawi imodzi, womvera palibe!" Ndiye anaganiza zojambula khoma loyang'anizana ndi nyumba yathu, lodzaza zidziwitso za sopo, masitima, maulaliki ndi mankhwala a chifuwa. Koma m'mawa uliwonse womata zidziwitso ankamata zatsopano pamwamba pa zadzulo.

Abwana atatopa ndi kumangoyambiranso chithunzicho, anandituma kuti ndikamupemphe munthuyo alisiye khomalo kwa sabata. Ndinapita n'kumupempha maso ali pansi. Dzina lake ndi Enoch Sugden. Anaika pansi ndowa yake ya phala lomatira n'kuseka.

"Chemwali, mukupempha ine kapena nsapato zanga? Chabwino, ndilisiya, koma Lamlungu pochokera kutchalitchi tiyendere limodzi."

Azakhali, musadandaule, mlongo wake amatiperekeza nthawi zonse. Mowa samwa, ndipo anandifunsa ngati mumakonda tiyi wanji. Chithunzicho chinatha mwezi watha, abwana akondwa nacho, koma ife Lamlungu tikuyendabe.

Kodi diresi lobiriwira lija, limene malemu amayi anakwatiwa nalo, likadali m'bokosi? Amalume musawauze kaye. Ndangofunsa.

Ndine mwana wanu,
Tabitha