Dzanja Lothira Mchere

Lachiwiri, 6 Ogasiti 2024
Kuchipatala, Katete

Mwana wabadwa m'mawa. Makilo atatu. Mkazi wanga Yunesi ali bwino, kutopa kokha. Ndabwera kuchokera ku Sinda pa minibasi, choko chidakali m'zala.

Anamwino anandikokera pambali. "Aphunzitsi, musafulumire kuuza anthu kuti ndi mwana wanji." Kumaliseche kwake sikukuoneka bwinobwino ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Ndinamunyamula. Wofunda, tsitsi lambiri, makutu a bambo anga.

Foni ikungolira. Aliyense funso lomwelo. Ndikuyankha kuti ndi mwana.

Apongozi afika kuchokera ku Vubwi. Moni andipatsa akuyang'ana khoma. Chimodzimodzi pa maliro a mwana wathu Martin.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Sikani yaonetsa chiberekero. Ndi mtsikana. Ndinakakhala kuseri kwa wodi kanthawi, ndekha.

Adokotala afotokoza, ndipo ndikulemba kuti ndimvetse. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri tating'ono. Timapanga mahomoni, amithenga oyenda m'magazi. Homoni ina imalimbitsa thupi pa nthawi ya matenda. Ina imasunga mchere kuti usatayike ndi mkodzo. Akuganiza kuti mwa mwana wathu njira yopangira ziwirizi ndi yotsekeka. Ngati ngalande ya kudimba: ukaitseka, madzi amadzaza kenaka n'kusefukira bedi lina. Apa asefukira ku mahomoni achimuna. N'chifukwa chake wabadwa chonchi. Chodzazanacho chili ndi dzina, 17-OHP. Ndicho akufuna kuyeza. Atenga magazi lero.

Kenaka funso. "Munatayapo mwana wakhanda?"

Yunesi anazyolika. Ndinayankha ine. Martin, mwana wathu woyamba, zaka zitatu zapitazo. Anabadwira ku Vubwi, wooneka wathanzi. Sabata yachitatu kusanza, kukana bere, kufota. Ine ndili ku Chipata kochonga mayeso. Ndinapeza ataika kale.

Zotsalazo sindinawauze adokotala. Akuchikazi anati ndi mdulo. Kuti ndinagona ndi mkazi wina mwambo wotenga mwana usanachitike, kutentha kwanga n'kumudula. Sindinachite. Yunesi sanandifunsepo ngakhale kamodzi. Kusafunsako ndiko kumandidya.

Lamlungu, 11 Ogasiti

Harrison, mnzanga wa kusekondale, amagwira mu labu ya pano. Tinakhala pa benchi tikudya mbatata yootcha. Amanditchulabe Lameki Wamafunso.

Magazi sayezedwa kuno. Apita ku Lusaka m'bokosi la ayezi, kuchoka apo pa ndege mpaka ku Joni. Ndinafunsa chifukwa. Akuti mahomoni a mtundu uwu, masiteroidi, amafanana kwambiri maonekedwe. Njira yakale yoyezera imawazindikira ndi maonekedwewo, choncho mwa khanda imasokoneza wina ndi mbale wake. "Ili ngati mlonda amene amadziwa anthu ndi chitenje basi. Amayi achigwirizano a kumpingo akabwera onse atavala zofanana, amati ndi munthu mmodzi."

Makina a ku Joni amatchedwa masi sipekitirometa. Poyamba amadutsitsa madzi a m'magazi m'kapaipi kopyapyala. Homoni iliyonse imatuluka pa nthawi yake, ina msanga, ina mochedwa. Izi ndimazidziwa: ndimaonetsa ana a giredi 10 inki ikusiyana mitundu pa pepala lonyowa. Kenaka makina amayeza kulemera kwa iliyonse, amaiphwanya, n'kuyezanso zidutswa zake. Nthawi yotulukira, kulemera, zidutswa. Mboni zitatu. Kunamizira wosalakwa n'kovuta.

Mawu amenewo anandikhala pamtima. Ndiyenera kunena zoona m'buku langa lomwe: sindikudikira za mwana zokha. Ndikudikira mlandu wanga.

Ndalama yoyezera ndagulitsa mtedza wonse umene tinasungira mbewu. Chaka cha chilala chino. Tidzaona.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Wayamba kusanza. Bere akuligwira n'kulisiya. Liwombo lalowa.

Ndimayesa ndikuona Martin, amene sindinamuone akudwala. Yunesi ndiye anamuona. Anangoti, "Zayambanso," n'kukhala pansi pa simenti.

Mchere m'magazi watsika kwambiri, mchere wina wotchedwa potaziyamu wakwera. Izi Harrison amatha kuyeza pompano, ndi jenereta, poti magetsi kulibe tsiku lonse. Adokotala sanadikire za ku Joni. Diripi, jakisoni. Mtsempha anaupeza pamutu. Anameta tsitsi lija mbali imodzi.

Apongozi pakhonde, osatsitsa mawu: "Wachiwiri uyu. Munthu akadwala matenda oyendayenda sachira."

Ndinayang'ana Yunesi. Anali kupinda matewera.

Lolemba, 19 Ogasiti

Akuyamwa. Maso atseguka. Walira mokweza mpaka mayi wa bedi loyandikana anaseka, akuti uyu adzakhala wotsogolera kwaya.

Mankhwala awiri, moyo wake wonse. Ndi madzi a mchere, woyezedwa bwino, pang'onopang'ono ndi sirinji yopanda singano, mpaka atayamba kudya. Anamwino anatiphunzitsa tonse. Atanditambasulira sirinji, apongozi anaima pakati.

"Osati awa. Dzanja lawo lisakhudze mchere wa mwana."

Mwambowo ndimaudziwa kuyambira ubwana. Munthu wotentha sathira mchere m'ndiwo, angadule ena. Sindikuwada. Anaika mdzukulu ndi manja awo, ndipo imfa yopanda chifukwa ndi yolemera kunyamula. Anafuna chifukwa, anapeza ine.

Anamwino anayang'ana Yunesi kuti agamule. Yunesi anatenga sirinji yekha. 

Ndinabweza dzanja m'thumba.

Loweruka, 31 Ogasiti
Kunyumba, Sinda

Malole akudutsa mumsewu kupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, anthu akuimba. Ife chitseko chotseka.

Mchombo unagwa kale. Dzina palibe. Apongozi akuti dzina lisaonongeke ngati loyamba lija. Timangoti Mwana.

Ntchito yanga: kuchapa matewera, kuwiritsa madzi, kukumbutsa nthawi ya mankhwala ndili pakhomo la chipinda. Kunyamula amandilola. Mchere ayi. Ngakhale wa m'ndiwo auchotsa pa shelefu, ali nawo m'chikwama chawo.

Ndimaganizira kabotolo kaja. Magazi osadzaza n'supuni yomwe, akwera ndege imene ine sindinakwerepo. Munthu wosatidziwa adzawaika m'makina. Sadziwa za Vubwi, za Chipata, za manda aang'ono pansi pa mtengo wa msuku. Mwina n'chifukwa chake ndikumukhulupirira.

Lachitatu, 4 Seputembala

Harrison anaimba ndili m'kalasi. Zotsatira za magazi zabwera. Tinapita tonse, ndi apongozi omwe.

17-OHP yakwera kutalitali, palibe chokayikitsa. Mahomoni ena amene anayeza pamodzi akuloza komweko. Mankhwala apitirire.

Adokotala analankhula pang'onopang'ono, m'Chinyanja, akuyang'ana apongozi. Matendawa ndi obadwa nawo. Mbewu yake ili mwa ine, ilinso mwa Yunesi, yobisika, ndipo ife sitidwala. Zikakumana ziwiri ndiye mwana amadwala. Si mimba iliyonse. Mtsikana amaonekera pobadwa, monga wathuyu. Mnyamata amaoneka bwinobwino, palibe amene amakayikira, mpaka mchere utatha m'thupi. Za Martin sangalumbire popanda magazi ake, koma zizindikiro zonse ndi zomwezi.

"Palibe amene anachita kanthu, amayi. Palibe amene anamudula."

Apongozi anakonza duku. Anati mbewu ya kwawo ilibe zimenezo. 

Ndimayesa ndidzasangalala. Zaka zitatu ndikukonzekera tsiku lino, mawu amene ndidzanene, nkhope imene ndidzaonetse. Mu minibasi ndinangomva kutopa. Yunesi anayang'ana pawindo mpaka ku Sinda.

Lachinayi, 5 Seputembala

Apongozi apita ku Vubwi m'mawa. Sanatsanzike ndi mawu. Paketi ya mchere aisiya pa tebulo.

Masana, nthawi ya mankhwala. Ndinaima pakhomo monga mwa masiku onse. Yunesi anati ndilowe. Akuti mwana ndi Flora, dzina la mayi anga, ngati ndikuvomera. Kenaka anandipatsa sirinji.

 Dontho pakona ya kamwa. Flora anakwinya nkhope, n'kumeza. Dontho lina.

Yunesi amayang'ana sirinjiyo, osati ine. Ndimadikira kuti anene za Chipata, kuti pepani, kapena kuti ndinkadziwa. Sananene zimenezo.

"Bambo a Martin, inu mumadziwa kufotokoza. Mwana wanga uja ankangofuna izi basi? Timapiritsi ndi mchere? Mchere unali m'nyumbamo. Unali pafupi ndi mphasa imene anagonapo."

Ndafotokozera ana a eni zinthu zaka zonsezi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti mchere wokha sukanakwanira, kuti panalibe amene akanadziwa. M'malo mwake ndinangothira dontho lina pakona ya kamwa la Flora.